Galimoto ikukana kukhota: kuthana ndi understeer pa Mazda MX-5 ya NA ndi NB

Funso ili landipeza kambiri, moti ndaona kuti ndingolemba kamodzi. Munthu wagula kagalimoto kopepuka ka mipando iwiri, kawirikawiri MX-5 yochokera ku Japan, ija imabwera ndi dzina lakuti Eunos Roadster kapena Mazda Roadster. Anamva kuti pa kona imamvera kwambiri. Koma akafika pokhota, wapinda chiwongolero, galimoto ikungopitirira ngati sinamve. Matayala akutsogolo akulira, mutu ukukankhira kunja kwa kona, ndipo akawonjezera kupinda ndiye zinthu zikuipiraipira. Pachingerezi amati understeer. Ife tingoti galimoto ikukana kukhota.

Ndikunena za mitundu iwiri yoyambirira: NA ya 1989 mpaka 1997, ija ya nyali zotukuka, ndi NB ya 1998 mpaka 2005. Kunsi kwake n'zofanana kwambiri. Zonse zimalemera pafupifupi tani imodzi, kulemera kwake kumagawika pafupifupi theka kutsogolo theka kumbuyo, ndipo gudumu lililonse limagwiridwa ndi mikono iwiri ya wishbone, wam'mwamba ndi wam'munsi. Galimoto yotereyi ikakhala bwinobwino imakankha mutu pang'ono chabe ikafika pamalire. Kakukankha kameneko a Mazda anakasiya dala, chifukwa munthu wamba akachita mantha amachotsa phazi pamoto, ndipo kutero kumabweza mutu m'njira. Ikamakankha mopitirira apo, chilipo chalakwika, ndipo nthawi zambiri si chinthu chofuna kuitanitsa zida zodula kunja.

## Musanagwire sipanala

- Yezani mpweya matayala ali ozizira, m'mawa musanayende. Buku la NA ndi NB limati 1.8 bar, yomwe ndi 26 psi, matayala onse anayi. Gulani geji yanuyanu. Za pa malo omwetsera mafuta zimagwetsedwa pansi tsiku ndi tsiku, ndipo anyamata ena opopa anazolowera maminibasi, mukangowasiya akuikirani 2.5.
- Sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani m'kope. Mukasintha zitatu pakamodzi simudziwa chakonza n'chiti, chawononga n'chiti.
- Yeserani pamalo otsekedwa, opanda anthu ndi njinga. Amene ali ku South Africa ali ndi Zwartkops ndi Killarney, ku Harare kuli Donnybrook, ku Britain mabwalo ndi ambirimbiri. Makona otsikira ku Chikwawa kapena a ku Golomoti si malo oyesera: kuseri kwa kona kumakhala lole yofa, mbuzi, kapena bambo wa makala akukankha njinga.
- Dziwani pamene vuto likuchitikira: polowa pa kona, pakati, kapena potuluka. Zoyambitsa zake n'zosiyana, n'chifukwa chake ndagawa motere.

## Chizindikiro 1: ikukana pongolowa pa kona

Mwangopinda kumene, mwina phazi lidakali pa buleki, mutu sukulowa.

1. Liwiro lolowera lachuluka, kapena manja athamanga. Pepani achimwene, koma ichi ndiye chimatsogola. Tayala lili ndi mphamvu yogwira msewu yowerengeka, ndipo mphamvuyo imagawidwa pakati pa kuimitsa ndi kukhotetsa. Mukaimaliza ndi buleki, yokhotera palibe.
- Kuyesa: lowani kona yomweyo mutachotsako 5 km/h, ndipo pindani chiwongolero mosadzidzimutsa. Vuto likatha, galimoto ilibe mlandu.
- Kukonza: malizani buleki yamphamvu galimoto ili chowongoka, kenako muzimasula phazi pang'onopang'ono uku mukupinda. Kabuleki kotsalako kamasunga kulemera pa matayala akutsogolo. Mukaimasula mwadzidzidzi, mutu umadzuka, matayala n'kupepukidwa pa nthawi imene mukuwafuna kwambiri.
- Ikayamba kukankha, bwezani chiwongolero pang'ono. Mtima umakana, koma tayala lopindidwa mopitirira limangokhula phula.

2. Magudumu akutsogolo akumangika. Ma NA ambiri alibe ABS, chipangizo choletsa magudumu kumangika pa buleki, ndipo mabuleki ake anawakonza kuti akutsogolo aziyamba kumanga. Gudumu losazungulira silikhotetsa galimoto ngakhale pang'ono.
- Kuyesa: chiwongolero chimapepuka mwadzidzidzi, tayala limalira mokuwa, nthawi zina kautsi.
- Onaninso makalipa akumbuyo. Pa magalimotowa amakonda kuuma, ndiye ntchito yonse imagwera kutsogolo. Mukayenda kwakanthawi, yandikitsani dzanja pa rimu lililonse osakhudza chimbale cha buleki. Akumbuyo akakhala ozizira kwambiri pamene akutsogolo akutentha, kapena limodzi likutentha lokha, kalipa ikufuna kumasulidwa.

3. Toe-in yachuluka kutsogolo. Matayala akayang'anizana mphuno, galimoto imayenda mowongoka bwino koma imachita ulesi polowa pa kona. Sisitani chikhatho chopingasa pa tayala: mapanga akamveka akuthwa mbali imodzi, osalala mbali ina, toe ndi yolakwika. Toe yakutsogolo ikani pa 0.

4. Ma shock akutsogolo atha. Mutu umagwada kwambiri pa buleki n'kudzuka modumpha. Yang'anani mafuta otsikira pa thupi la shock. Galimoto ya zaka zoposa 20 ikakhala ndi ma shock amene inatuluka nawo ku fakitale ku Hiroshima, ngakhale akhale a Bilstein achikasu aja a pa mitundu ya Roadster yotchedwa S-Special ndi RS, anapuma kalekale.

## Chizindikiro 2: ikukankhira kunja pakati pa kona

Ili ndiye dandaulo lalikulu. Liwiro silikusintha, phazi langokhazikika pamoto, koma mzere umene mukuyenda ukufutukukira kunja. Pa raundabauti yaikulu zimaonekera bwino.

1. Matayala. Musapite patsogolo musanamalize apa.
- Zaka: pambali pa tayala, kumapeto kwa zilembo zoyamba ndi DOT, pali manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. 2317 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2017. Tayala lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi limakhala litauma ngakhale mapanga akuoneka atsopano. Dinani ndi chikhadabo: labwino limalola, lokalamba limakhala ngati pulasitiki. Matayala a kaunjika ambiri amagwera apa. Galimoto yopepuka simaliza mapanga msanga, ndiye tayala limakalamba lisanathe.
- Kusakaniza: abwino kumbuyo, otchipa kutsogolo, ndiye understeer yochita kugula ndi ndalama zanu. Anayi onse akhale mtundu umodzi.
- Saizi: MX-5 inatuluka ndi matayala ofanana kutsogolo ndi kumbuyo, 185/60 R14 pa NA, ndipo ma NB ambiri ali ndi 195/50 R15. Ena amaona Lotus Elise ya S2 ili ndi 175 kutsogolo ndi 225 kumbuyo, n'kufuna kutengera. Elise injini yake ili kumbuyo kwa mipando, ndipo pafupifupi magawo 60 mwa 100 a kulemera kwake ali kumbuyo. MX-5 mukaiveka choncho mwaiphera dala makhotedwe.
- Matayala a chisanu: magalimoto ena ochokera ku Japan amafika ndi matayala olembedwa studless. Ndi a pa chipale chofewa. Pa phula lotentha la mu Okutobala amangonyanyuka ngati siponji. Achotseni.

2. Mpweya. Kutsogolo ukachepa, tayala limapindikira m'mbali n'kuyendera phewa. Ukachulukitsa, limagwira ndi pakati pokha.
- Kuyesa: jambulani mizere itatu ya choko kuchokera pa mapanga kutsikira m'mbali mwa tayala. Zungulirani kangapo. Choko chikafufutika mpaka kupitirira pamene mapanga athera, tayala likugona.
- Kukonza: wonjezerani 0.1 bar kutsogolo, yesaninso. Mukafika 2.2 bar choko chikufufutikabe, vuto si mpweya, ndi camber.

3. Camber yakutsogolo. Apa ndipamene pali nkhani. Camber ndi kupendekeka kwa gudumu mukaliyang'ana muli kutsogolo kwa galimoto: pamwamba pakaweramira m'kati, imeneyo ndi negative. Galimoto ikapendekeka pa kona, tayala lakunja limagonera kunja, ndipo negative camber ndi imene imalibweza kuti lipondetse phazi lonse. Manambala a fakitale a NA amaika kutsogolo pa positive pang'ono, pafupifupi madigiri 0.4, pamene kumbuyo kuli negative pafupifupi 0.7. Mwachidule, kumbuyo anakupatsa mphamvu yogwira kuposa kutsogolo.

Ubwino wake ngwakuti galimotoyi imasinthika yokha popanda kugula kanthu. Mkono wam'munsi uliwonse umamangidwa ndi mabawuti awiri okhala ndi wochela wosakhala pakatikati, onse pamodzi asanu ndi atatu. Mukazungulitsa bawuti, mkono umasunthira m'kati kapena kunja. Kutsogolo amasintha camber ndi caster (kupendekera chakumbuyo kwa mzere umene gudumu limatembenukirapo mukapinda chiwongolero), kumbuyo camber ndi toe.

Ine zinandionekera pa NB yanga. Ndinaipititsa ku malo ena ochitira alignment, makina apamwamba a makamera, mphindi 20 zokha akuti, "Yatheka bwana, zonse zili green." Pa raundabauti inali chimodzimodzi. Patatha miyezi iwiri phewa lakunja la tayala lakutsogolo kumanzere linali litasalala, mphira utachita timibulu ngati wofufutira pensulo, pamene m'kati mwake tinsonga ta tayala latsopano tinali tisanathothoke tonse. Nditalowa pansi ndi tochi ndinapeza mabawuti onse asanu ndi atatu ali ndi dzimbiri ndi dothi lofiira losakhudzidwa, palibe ngakhale kachipsera ka sipanala. Anangokhudza ma tie rod basi, tizitsulo ta chiwongolero tosinthira toe. Nditabwerera, mkulu wa pamenepo anati, "Akulu, zimenezo sitigwira, zikathyoka mutilipiritsa." Sindinamutsutse, poti mabawutiwa amaumiradi m'kati mwa bushi. Chimene ndinadandaula n'chakuti sanandiuze tsiku loyamba lija. "Green" ya pa kompyuta imangotanthauza kuti muli m'kati mwa malire a fakitale, ndipo malirewo ndi otakasuka moti gudumu lina likhoza kukhala positive, linzake negative, onse n'kuoneka obiriwira.

Manambala oyambira amene eni magalimotowa ambiri amagwiritsa ntchito pa msewu:
- Camber kutsogolo: negative 1.0 mpaka 1.2. Galimoto yosatsitsidwa kawirikawiri imathera chapomwepo.
- Caster: pafupifupi madigiri 5, yofanana mbali zonse. Dziwani kuti kutsogolo caster ndi camber zimalandana, mukakoka ina inzake imachepa.
- Toe kutsogolo: 0.
- Camber kumbuyo: negative 1.2 mpaka 1.5. Isapitirire ya kutsogolo ndi theka la digiri. Kusiyana kukakula, understeer imakulanso.
- Toe kumbuyo: toe-in ya 1 mpaka 2 mm yonse pamodzi, yogawidwa mofanana.

Poyeza, khalani pampando kapena ikanipo matumba olemera ngati inuyo. Munthu wa makilogalamu 80 pa galimoto ya tani imodzi si nthabwala, manambala amasuntha. Thirani mafuta omasulira dzimbiri pa mabawutiwo kwa masiku angapo musanapite, ndipo funani pepala la manambala a poyamba ndi a pomaliza.

4. Mabushi ndi ma ball joint otha. Alignment ya pa makina imayezedwa galimoto itaima. Pa kona, bushi yong'ambika imalola mkono kusuntha, camber yanu ija n'kuthawa.
- Kwezani ndi jeke, ikani pa zochirikiza zachitsulo. Gwirani gudumu pamwamba ndi pansi, gwedezani. Kenako kumanja ndi kumanzere. Kugogoda kulikonse ndi vuto.
- Kanizirani mkono ndi chitsulo pafupi ndi bushi, muone ngati mphira wang'ambika kapena walekana ndi chitsulo chake.
- Mukasintha mabushi a mphira, mabawuti ake amangidwe komaliza galimoto itaima pa magudumu ake. Mukamanga ili m'mwamba, mphira umakhala wopotoka nthawi zonse ndipo suchedwa kung'ambika.

5. Sway bar, chitsulo cholumikiza gudumu lakumanja ndi lakumanzere kuti galimoto isapendekeke kwambiri pa kona. Ndaiika kumapeto dala, ngakhale ndi imene anthu amathamangira. Mfundo yake ndi iyi: tayala likasenzetsedwa katundu wowirikiza kawiri, mphamvu yake yogwira siwirikiza kawiri, imaperewera. Choncho mbali ya galimoto imene ili youma kwambiri pokana kupendekeka imasenzetsa tayala lakunja katundu wambiri, n'kuyamba kutaya msewu. Kuumitsa kutsogolo kumawonjezera understeer, kuumitsa kumbuyo kumaichepetsa.
- Yezani makulidwe. NA ya injini ya malita 1.6 inabwera ndi ya pafupifupi 19 mm kutsogolo, NB 22 mm, kumbuyo 11 kapena 12 mm. Mwini wakale ku Japan akhoza kukhala kuti anasintha yakutsogolo yokha.
- Kuuma kwa chitsulochi kumakwera msanga kuposa mmene diso limaonera. Pa zitsulo zosabowoka m'kati, kuchoka pa 19 kufika 24 mm ndi kuumitsa kawiri ndi theka. Kumbuyo, kuchoka pa 12 kufika 14 mm ndi pafupifupi kawiri.
- Onani ma link akumbuyo, tizitsulo tolumikiza sway bar ku mkono wa gudumu. Imodzi ikaduka, sway bar yakumbuyo imangokhala chokongoletsa, galimoto n'kumakankha mutu.
- Ngati yakutsogolo ili ndi mabowo angapo kumapeto, sunthirani link ku bowo lakunsonga. Mkono ukatalika, chitsulo chimafewa.

## Chizindikiro 3: ikukankha potuluka, mukaponda moto

1. Mwaponda moto msanga. Moto umakankhira kulemera kumbuyo, mutu n'kupepuka. MX-5 ya 1.6 mphamvu yake ndi pafupifupi 115 hp, yosakwanira kutereretsa matayala akumbuyo pa phula louma mu giya yachitatu, ndiye imangokankhira galimoto yonse kunja. Dikirani mpaka mutayamba kubweza chiwongolero. Phazi litsike molingana ndi mmene manja akuwongokera.

2. Mwalowera m'kati mwa kona msanga. Mukathamangira m'mphepete mwa m'kati, kukhota kwenikweni kumatsalira kumapeto, pamene mukufunanso kuponda moto. Chedwani kupinda pang'ono.

3. Toe-in yakumbuyo yachuluka. Imapangitsa kumbuyo kuumirira kuyenda chowongoka. Bwererani ku manambala a pamwamba aja.

4. Kumbuyo kwatsika kuposa kutsogolo. Masipuling'i akumbuyo akatopa, kapena mukanyamula katundu m'buti, mutu umayang'ana kumwamba. Yezani kuchokera pakati pa gudumu kufika pa mlomo wa bodi. Kumbuyo kuzikhala kokwererako ndi 5 mpaka 12 mm. Thanki ya mafuta ili kuseri kwa mipando, ndipo malita 45 a petulo ndi makilogalamu oposa 30, choncho yezani nthawi zonse ndi mafuta ofanana.

5. Diff yosinthidwa. Diff ndi chogawira mphamvu ya injini ku magudumu awiri akumbuyo. Ya fakitale, kaya ndi viscous ya pa 1.6 kapena Torsen ya pa ma 1.8 ena kuyambira cha m'ma 1994, sivutitsa. Koma Roadster imene ankaseweretsa drift ku Japan ikhoza kubwera ndi diff ya mbale yomanga kwambiri, kapena yowotcherera. Mudzaidziwa pokhota pang'onopang'ono poimika galimoto: tayala lam'kati kumbuyo limadumphadumpha n'kumalira. Imeneyo njofunika kusintha, alignment singaithetse.

## Chizindikiro 4: ikukana mbali imodzi yokha

Kumanja ikukhota bwino, kumanzere ikukana, kapena mosemphanitsa. Osagula chilichonse chowonjezera liwiro, pali chopindika kapena chotha.

1. Mpweya wosiyana pakati pa matayala awiri akutsogolo, kapena limodzi likutuluka pang'onopang'ono.
2. Tayala limodzi latha phewa. Kumene timayenda kumanzere kwa msewu, ma raundabauti timazungulira chakumanja, ndiye lakutsogolo kumanzere ndi limene limazunzika. Sinthanitsani akutsogolo ndi akumbuyo muone ngati vuto lasintha.
3. Bawuti ya alignment yaterereka mutagunda dzenje. Alignment ikatha, lembani kachizindikiro ka penti pa wochela uliwonse ndi pa chitsulo chimene wagonapo. Tsiku lina mudzangosuzumira n'kudziwa.
4. Mkono kapena tie rod yapindika. Chizindikiro chake: chiwongolero chakhala chokhota mukuyenda mowongoka, kapena mbali ina bawuti yafika kumapeto koma camber sikufika pamene inzake yafika.
5. Sipuling'i yathyoka koyilo yam'munsi, kapena shock imodzi yafa. Yezani msinkhu mbali zonse zinayi pamalo osalala.
6. Pa ma coilover, ma shock okhala ndi sipuling'i yosinthika msinkhu: msinkhu anaukonza ndi diso, ndiye kulemera kwagwera pa magudumu awiri opingasana, ngati tebulo la mwendo umodzi waufupi. Izi zimafuna masikelo anayi.

## Chizindikiro 5: zayamba mutaitsitsa

Kagalimotoka kakatsika kamakongola, palibe angatsutse. Koma NA ndi NB mpata wa ma shock ake ndi wochepa kale.

1. Ikukhala pa ma bump stop. Awa ndi timphira toletsa shock kugunda kumapeto. Galimoto ikapendekeka n'kufika pamenepo, kuuma kwa gudumulo kumakwera mwadzidzidzi. Zikachitika kutsogolo, mutu umatayika pakati pa kona, makamaka mukaponda kabampu. Zikachitika kumbuyo, n'kumbuyo kumene kumathawa, ndipo kumeneko n'koopsa.
- Kuyesa: mangani kachingwe ka pulasitiki ka cable tie pa ndodo yonyezimira ya shock, kakankhireni pansi. Yendani, kenako muone pamene kafika. Kakapanikizika m'mwamba pa kamphira kaja, mpata watha.
- Kukonza: ikwezeni. Kuchokera pakati pa gudumu kufika pa mlomo wa bodi, ya fakitale imakhala cha m'ma 34 mpaka 35 cm. Pansi pa 31 cm ndi ma shock wamba mukuyendera mphira. Ndi mahampu ndi maenje a kwathu, ine sinditsika kupitirira 33.

2. Simunachite alignment mutatsitsa. Msinkhu ukasintha, camber ndi toe zimasinthanso. Kumbuyo kumapeza negative yambiri kuposa kutsogolo, kusiyana kuja n'kukula.

3. Masipuling'i odula ndi grinder. Tayani. Palibe chokonza pamenepo.

4. Ma shock osinthika mwawamanga mpaka kumapeto. Pa msewu wa mabampu gudumu louma limadumpha, ndipo tayala lili m'malere siligwira kanthu. Bwererani pakati, kenako fewetsani kutsogolo makiliki awiriawiri.

## Chizindikiro 6: pouma ili bwino, pamvula ikukana

Mvula yoyamba ya chizimalupsa imasakaniza fumbi, mafuta ndi mphira wa miyezi yonse ya chilimwe, phula n'kukhala ngati therere. Chiperoni cha mu Juni ndi Julayi nachonso chimanyowetsa msewu osautsuka, matayala ali ozizira. Pamenepo galimoto iliyonse imakankha, mankhwala ake ndi kuchepetsa liwiro. Koma onani izi:
- Mapanga: timizere ta m'kati mwa ngalande za tayala tili pa 1.6 mm. Pamadzi, tayala limayamba kufooka lisanafike pamenepo, cha pa 3 mm.
- Matayala otambalala kwambiri pa galimoto yopepuka amayandama msanga pamadzi.
- Matayala a pa bwalo la mpikisano amafuna kutentha kuti agwire. M'mawa wozizira amaposedwa ndi tayala wamba labwino.

## Chizindikiro 7: understeer yatha, koma tsopano kumbuyo kukuthawa

Mwapitirira muyeso. Mtunda wa pakati pa magudumu akutsogolo ndi akumbuyo pa NA ndi NB ndi 2,265 mm basi, ndiye ikayamba kuzungulira sichedwa.

1. Bwezani chimene mwasintha komaliza. Kope lija ntchito yake ndi imeneyi.
2. Toe-out kumbuyo (mphuno za matayala kuyang'ana kunja), ngakhale ya 1 mm, isapezeke pa galimoto ya pamsewu.
3. Sway bar yaikulu kumbuyo pamodzi ndi yafakitale kutsogolo: ichotseni.
4. Matayala atsopano kutsogolo, akale kumbuyo. Ngati ndalama zakwanira awiri okha, atsopanowo apite kumbuyo. Mudzakhala ndi understeer kwa kanthawi, koma kulibwino imeneyo kusiyana ndi kulowa m'ngalande chammbuyo.
5. Kuchotsa phazi pamoto mwadzidzidzi pakati pa kona. Galimoto imene mwaichotsera understeer sikhululukanso zimenezi monga kale.

## Pamene muyenera kuima n'kuitana makaniko

Ikani sipanala pansi, ndipo musayendetse galimoto mothamanga, mukaona izi:
- Dzimbiri lotupa kapena lobowoka m'munsi mwa zitseko chakutsogolo kwa magudumu akumbuyo, kapena pa njanji za chasisi kutsogolo, makamaka pa NB. Njanjizi zimadyeka kuchokera m'kati, ndipo sway bar yakutsogolo imamangiriridwa chapomwepo. Magalimoto amene anayenda m'misewu yothira mchere ku Britain ndiwo amavutika kwambiri.
- Ball joint yam'munsi yogogoda. Ikazuka, gudumu limapindikira pansi pa galimoto.
- Bawuti ya alignment youmira m'bushi. Imafuna kudula ndi kuika bushi yatsopano pa makina okanikizira. Osaiwotcha ndi moto, makamaka kumbuyo kufupi ndi thanki.
- Kuchotsa sipuling'i pa shock mulibe chopanira choyenera. Sipuling'i yopanidwa ikapulumuka imathyola nsagwada.
- Chiwongolero cholimba malo ena, chosabwerera chokha mukatuluka pa kona, kapena chokhala ndi mpata pakati.
- Chotupa m'mbali mwa tayala, kapena rimu long'aluka.
- Galimoto imene inachitapo ngozi ndipo manambala akukana kufanana mbali ziwiri. Imafuna kuyezedwa chasisi.
- Buleki yofewa, kapena galimoto yokokera mbali mukaponda buleki.

Posankha woti akuchitireni alignment, mufunseni funso limodzi galimoto isanakwere pa makina: "Kodi camber ya kutsogolo pa galimotoyi muisinthira pati?" Akakulozerani mabawuti a pa mkono wam'munsi, mpatseni pepala la manambala anu. Akati galimotoyi camber sisinthika, tengani makiyi. Ndipo mukatuluka kulikonse kumene anamasula magudumu, yesani manati ndi sipanala yoyezera: buku limati 89 mpaka 117 Nm.